Tsiku Limene Ankolo Dean Anagwetsa Njinga Dala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anga anakwatiwanso. Tinkakhala ku Thamesmead, mumzinda wa London, m'nyumba zosanjikizana zoyang'ana kumtsinje, ndipo amayi anali namwino ku Lewisham. Mwamuna wawoyo anali mzungu, dzina lake Dean. Anadziwana kuchipatala iye atagonekedwa ndi mwendo wothyoka. Ine ndinkawaitana kuti Ankolo Dean.

Ntchito yawo inali mpikisano wa njinga zamoto wotchedwa sipidiweyi. Anthu anayi amalimbirana kutsogolo pabwalo ladothi lozungulira, panjinga zopanda mabuleki. Ankolo anayamba masewerawa akadali mnyamata. Anakwerapo m'matimu angapo a kumpoto, chaka china anafikako ku Poland, koma dzina lawo silinamveke patali. Pamene ankalowa m'nyumba mwathu n'kuti akuyandikira zaka makumi anayi, ali m'timu yaing'ono ya kummwera kwa London. Pamasitepe ankakwera motsimphina. Vani yawo inkanunkha oyilo ndi fumbi.

Poyamba sindinkawalabadira. Ndinayamba kuwakonda amayi atanditengera kubwalo n'kuona anthu akukuwa dzina lawo. Kunena zoona, chimene ndinakonda chinali kupambanako. Kutchalitchi ndinkauza anzanga kuti Ankolo sagwa.

Chakumapeto kwa nyengo ya mipikisano ndinamva akuuza amayi patebulo kuti abwana a timu akufuna anyamata, ndipo akapanda kuchita bwino m'mipikisano yotsalayo malo awo apita. Amayi anangoti, "Ndiye mukachite bwino," n'kupitiriza kusita yunifolomu.

Tsiku la mpikisano ndinatenga mnzanga Chisomo. Tinaima pafupi ndi mpanda, pakona pomwe matayala amawaza dothi kwa oonerera. Phokoso lake linkamveka m'chifuwa. Pa ulendo wawo womaliza Ankolo anali achiwiri, atakakamira kumbuyo kwa mnyamata wa timu ya alendo yemwe ndevu zinali zisanamere. Atafika pakona pathu, njinga ya mnyamatayo inaterereka, iye n'kugwa chagada panjira penipeni. Ndinaona Ankolo akupendeketsa njinga yawo mpaka kuigoneka pansi. Anakhulukutika nayo m'dothi, n'kukamenyetseka kumpanda.

Mnyamata uja anadzuka yekha, n'kusasa fumbi. Ankolo anatuluka pamachira, phewa ndi mkono zitathyoka.

"Paja unati sagwa?" anatero Chisomo.

Manyazi anandigwira kuposa chisoni.

Chaka chotsatira timu inalemba mnyamata yemwe uja m'malo mwa Ankolo. Iwo anaimbira matimu ena awiri atatu, koma palibe anawafuna. Anagulitsa njinga zawo n'kuyamba kuyendetsa vani yoperekera katundu m'makomo. Ine ndinabwerera ku khalidwe langa lakale, kuwapatsa moni wapakamwa n'kudzitsekera kuchipinda.

Masana ena ndinawapeza kukhitchini akulimbana ndi chivindikiro cha botolo, chifukwa mkono uja sunabwererenso mphamvu. Ndinawafunsa m'Chingerezi, mwamwano ndithu, chifukwa chimene sanangomulambalala mnyamatayo n'kupambana.

"Panalibe podutsa," anatero. "Tayala langa linalunjika pakhosi pake."

"Koma iyeyo wakulandani malo."

"Eya. Amakwera bwino." Anandipatsira botolo lija. "Tanditsegulira."

Ndinakasuma kwa amayi, poganiza kuti akhala mbali yanga. Anali akuvala nsapato kuti athamangire basi.

"Iwe Tadala, undichedwetsa shifiti," anatero. "Ku wodi kwathu kuli ana atatu othyoka khosi oti sadzadzukanso pabedi. Mmodzi amadyetsedwa ndi mayi ake ngati khanda. Ukufuna ndikutengere ukawaone? Bambo akowo anachita bwino. Usadzawalankhulenso choncho."

Sindinapepese tsiku limenelo, ndipo iwo sanayembekezere kuti nditero. Moyo unangopitirira. Mnyamata uja sanabwere kudzathokoza, ndipo Ankolo sanadandaulepo. Mnyamatayo anakwera zaka zingapo, kenako naye dzina lake linazimiririka.

Nditakula ndinawafunsanso, ulendo uno mwaulemu, kuti anaganiza bwanji msanga chonchija. Anaseka. Anati panalibe nthawi yoganiza. Tsiku loyamba kupita kokaphunzira, asanawalole n'komwe kuthamanga, mphunzitsi anawauza kuti agwetse njinga, adzuke, agwetsenso, mpaka chiuno chonse chinasupuka. Aliyense wokwera amaphunzira zimenezo, chifukwa mawa wogona panjirayo angakhale iyeyo.

Panopa ali ndi imvi, amakhalabe ndi amayi ku Thamesmead, ndipo kukazizira phewa lija limawavuta. Ine ndili mwana ndinkayesa kuti madzulo aja luso linawathera. Tsopano ndikudziwa kuti pa zonse zimene anaphunzira pa njinga, chimenechi ndicho anachichita bwino koposa, ngakhale ankadziwa kale kuti akapanda kupambana ntchito yawo itha. Kwinakwake m'dziko muno muli munthu wamkulu amene amayenda ndi miyendo yake, mwina sakumbukiranso dzina la Ankolo Dean.