Kugwetsedwa ndi Mwana Wako Yemwe

Judo, masewera ogwetsana aja, ine sindinaifune. Ntchito yanga inali kuperekeza mwana wanga wamkazi pa sitima Loweruka lililonse kuchokera ku Balbriggan, n'kukakhala pa benchi kudikira kuti amalize. Aphunzitsi ake, mayi wa imvi wa konkuno ku Ireland, anatopa kundiona ndikuodzera. Tsiku lina anangondiponyera malaya oyera aja ndi lamba, n'kundilozera poika nsapato.

Miyezi yoyamba ankangotiphunzitsa kugwa. Ine munthu wamkulu, wa ndevu zanga, kuphunzira kugwa! Chinanso, pa mzere wolonjerana amatsogoza amene anayamba kale. Ndiye mwana wanga ankagwada kutsogolo, ine kumapeto kwenikweni pamodzi ndi tiana tamamina.

Linafika tsiku la mayeso ake a lamba watsopano. Anali atakonzekera chaka chathunthu, mpaka mapilo a m'nyumba anaona zakuda. Mwatsoka, mnzake amene mwana wanga ankayenera kumugwetsa anadwala chimfine. Aphunzitsi anaponya maso uku ndi uku, maso aja n'kudzatera pa ine.

Mwana uja anandikokera pambali.

"Adadi, please, musalimbe. Mukalimba ndifeila."

"Iwe, ndilimba bwanji? Usadandaule."

Tinaweramirana. Anandigwira kolala ndi mkono wa malaya, n'kutembenuka kuti andinyamule pa chiuno. Koma miyendo yanga inakana. Sindinaiuze ine ayi, inangodzala yokha pansi ngati zipilala za khonde. Holo inali yodzaza ndi makolo, ndipo pakati pawo panali mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, foni ili m'mwamba. Thupi langa lonse linkati mwamuna sagwetsedwa ndi mwana wake anthu akuona.

Anayesanso, ine nji. Kenako ndinaona m'maso mwake misozi ili pafupi. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo sanali manyazi a kugwa.

Ulendo wachitatu ndinatulutsa mpweya wonse n'kudzisiya m'manja mwake. Denga linazungulira, magetsi anadutsa, kenako khu! Ndinamenya mkono pansi monga anatiphunzitsira, ndipo phokoso lake linamveka mpaka panja. Anthu anaomba m'manja. Mkulu wa kutchalitchi uja anaseka mpaka foni inamupulumuka.

Lamba anamupatsa, ndipo ndinasangalala kuposa mwini wake. Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi china. Nditagona chagada paja, ndinazindikira kuti mutu wanga sunagunde pansi. Mwana uja anali atagwirabe mkono wa malaya anga ndi manja onse awiri, akukokera m'mwamba, nkhope ili gwa. Pa judo ndi mmene amachitira, wogwetsa sataya mnzake. Ine kuyambira ali khanda ndinkadziwa kuti womugwira mnzake ndine.

"Mwapweteka, adadi?" ananong'oneza.

"Ayi, mwanawe."

"Ndiye dzukanitu, tisanaweramirane sitinamalize."