Zala Zitatu m'Kachitini ka Bandeji

Ochiai Sakuji sanalotepo zogwira ntchito yachipatala. Anali mwana wa wophika tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, m'mudzi mwathu mwa Kamisawa, kumapiri a Yamagata, ndipo ngakhale magazi a nkhuku ankamuchititsa chizungulire. Koma itabwera kalata yofiira yomuitanira kunkhondo, sajeni wina anaona kuti mnyamatayo amalemba zilembo zowongoka, basi n'kumuponya m'gulu lothandiza ovulala. Sanamufunse ngati amapirira fungo la bala.

Anakhala miyezi ingapo pachipatala cha asilikali akuphunzira kumanga mabala, kubaya jekeseni ndi kunyamula machila. Anamulowezetsanso ndondomeko yonse ngati nyimbo. Munthu akavulala, iwe wakutsogolo um'mange, um'pachike kapepala ka dzina pabatani. Onyamula machila amufikitse pomangira mabala, kuchoka apo kuchipatala cha mahema, zikavuta kuchipatala chachikulu chakumbuyo, ndipo pomaliza sitima yoyera imubweretse kwawo. Sakuji anaikhulupirira ndondomekoyo ndi mtima wake wonse, poti papepala inali yokongoladi.

Asilikali anzake ankamutcha Ayodini, ati popeza matenda alionse iye ankangopaka ayodini. Wotsogolera chipongwecho anali Hanawa Kinzō, mwana wa nyumba yoyandikana ndi kwawo. Awiriwo anakulira mbale imodzi, chifukwa mayi a Sakuji anamwalira iye ali wakhanda ndipo anamulera ndi mayi a Kinzō, a Tome.

"Iwe Ayodini," ankakuwa Kinzō pakati pa anthu, "chibwenzi changa chasiya kundilembera makalata. Tandipaka pamtimapa!"

"Vula malaya, chitsiru iwe. Ndikupaka ndi pakamwa pomwe."

Ku Burma, gulu lawo likubwerera m'mbuyo litagonja, mvula ikugwa osakata, ndondomeko ija inasungunuka ngati mchere m'madzi. Chipatala cha mahema chinali nsungwi zinayi ndi masamba pamwamba. Kwinini anatha. Mabandeji anachapidwa mpaka kusanduka ulusi, ndipo sitima yoyera palibe anaionapo. Anthu ankafa ndi malungo ndi kamwazi m'mbali mwa njira, ndipo amoyo analibe mphamvu zonyamulira mtembo. Choncho ankadula kachala kakumapeto, kukawotcha pamakala, n'kukulunga timafupato m'pepala lolembedwa dzina, kuti abale kumudzi adzapeze choika m'manda. Ntchito imeneyi inagweranso wa zilembo zowongoka uja.

Choyamba anadula cha Momose, msodzi wa kugombe. Kenako cha Irie, mphunzitsi wa sukulu. Tsiku lachisanu ndi chinayi la kamwazi, Kinzō anamukodola ali gone pansi pa mtengo.

"Ayodini, udule chakumanzere, wamva? Dzanja lamanjali ndikadyera kumene ndikupitako."

"Khala chete, uchira."

"Bodza umalitha pang'ono kuposa mankhwala."

Dzuwa lisanapendeke, m'kachitini ka bandeji munali timapepala titatu. Patapita masiku anafika pamtsinje wosefukira. Sakuji anasenza kachitiniko pamutu, madzi ali m'khosi, koma phazi linaterereka pamwala ndipo anamira kanthawi. Atafika tsidya anakatsekula. Mapepala anali phala, inki itayenderera, timafupa ta anthu atatu titasakanikirana pansi pa chitini. Anakhala pamatopepo akutitembenuza ndi kamtengo, akulira ngati mwana, kufunafuna chizindikiro chilichonse. Tonse tinali toyera mofanana.

Anafika kumudzi chaka chotsatira nkhondo itatha, atawonda moti galu wa kwawo anamuuwa. Timafupa tija anatigawa patatu mongoyerekeza ndi maso. Gawo lina anakapereka kwa mkazi wa Momose, lina kwa bambo a Irie, akuwerama n'kunena kuti, "Awa ndi ake." Anthuwo analira, namuthokoza, namupatsa tiyi. Potuluka kwa Irie anakasanza m'ngalande.

Anthu achilendowo Sakuji anatha kuwanamiza, koma kupereka kwa a Tome mafupa a mwana wa eni n'kunena kuti ndi Kinzō kunamukanika. Kuwauza zoona kunamukanikanso. Mayiwo anali atalandira kale kabokosi koyera kochokera kuboma, m'kati mwake muli kathabwa kolembedwa dzina basi, ndipo ankakaikira mpunga paguwa la makolo monga amachitira kwa omwalira. Tsiku limene Sakuji anakawaona, mayiwo anamugwira masaya ndi manja onse awiri.

"Wabwera, mwanawe. Nanga mnzako? Sunanditengere kalikonse kake, ngakhale tsitsi?"

"Palibe, amayi. Sitinathe."

Kachitini kaja anakabisa pamtanda wa denga, pamwamba penipeni pa mphika wophikira tofu.

Moyo wake wotsala tonse tinauona. Anakwatira Fuki, anabereka ana aakazi awiri, anatenga ntchito ya bambo ake. Munthu akadzitema ndi chikwakwa kapena mwana akatuluka chithupsa, ankathamangira kwa iye asanaganize za dokotala wa kutauni, ndipo manja ake sankanjenjemera. Kumisonkhano ya asilikali akale sanapondeko. M'mawa uliwonse a Tome ankabwera ndi mbale yawo kudzatenga tofu, n'kuima pansi pa mtanda uja.

"Kathabwa kanga ndakapatsa kale mpunga," ankatero akuseka pang'ono. "Sikadya zambiri ngati mwini wake."

Sakuji ankangoyang'ana mumphika. Zinatero kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Iye ankadziuza kuti akuwalemekeza mayiwo. Ine ndimati anali mantha basi, ndipo ndimanena zimenezi ndikumukonda munthuyo.

Chipale chofewa chitayamba kugwa m'chaka chimenecho, a Tome anadwala chifuwa, osathanso kudzuka pamphasa. Anaitanitsa Sakuji masana ena. Pambali pawo panali kabokosi koyera kaja kotsekula, inki ndi cholembera.

"Sakuji, dzina lafufutika pakathabwapa, ndakasisita kwambiri. Iwe umalemba bwino, undilemberenso. Ndikafa mukaike pamodzi ndi mafupa anga, ndisakagone ndekha."

Ananyamula cholemberacho, nachiviika mu inki, koma dzanja linangoima m'mwamba. Dontho linagwera pamphasa. Anachiika pansi, natuluka osavala nsapato. Anabwerera atafumbata kachitini kadzimbiri, nagwada mphumi mpaka pansi, n'kunena zonse: za kachala, za mtsinje, za mapepala, za makomo awiri amene anakanamako.

A Tome anamvetsera osamudula mawu. Atatha, anatsekula kachitiniko, nayang'anamo nthawi yaitali.

"Kanali kuti?"

"Padenga kwathu, amayi. Pamwamba pa mphika."

"Pamene ndinkaima paja?"

"Inde."

"Ndiye ine ndinkaima pansi pa mwana wanga ndi mbale m'manja, n'kubwerera kuno kudzacheza ndi thabwa. Iwe ukundiyang'ana." Mawu awo sanakwere, ndipo kusakwerako n'kumene kunamupweteka koposa. "Unayamwa bere langa, Sakuji. Unkaganiza kuti ndikana mafupa chifukwa asakanikirana? Ndinkachapa matewera anu awiri m'beseni limodzi."

Sakuji analira mofuula, nkhope ili pamphasa. Mayiwo sanamugwire.

"Enawo mayina awo ndani?"

"Momose, msodzi. Ndi Irie, mphunzitsi."

"Kwawoko akhala akudyetsa Kinzō wanga zaka zonsezi, ine awo osawapatsa ngakhale madzi. Manyazi ake! Tatsekula kabatiyo, utulutse timbale titatu. Mpunga uli mumphika."

Anachita monga anauzidwira. Anaika timbaleto paguwa la makolo, nayatsa lubani. A Tome anakumbatira kachitini kaja pachifuwa, natembenukira kukhoma. Sakuji anakhalabe chogwada, akudikira mawu amodzi okha omumasula, ngakhale kutukwanidwa kumene.

"Amayi..."

"Zipita, Sakuji," anatero osacheuka. "Anawa ayenda ulendo wautali. Utseke chitseko, angazizidwe."