Kaphokoso ka Loweruka

Bambo a nyumba ya mpanda wa malata ku Chilomoni amakhala okha chimwalirireni akazi awo. Ali ndi njinga yamoto yogula kwa munthu, ndipo injini yake imalira ngati muli timiyala. Loweruka lililonse amapita nayo kwa makanika wa ku Chirimba, n'kuswera pa tayala lakutha akukangana naye za oyilo. "Wopepukayo ndi madzi, thirani wolemera," amatero bambowo.

Mwezi watha makanikayo anafufuza nambala ya njingayo pafoni, n'kupeza kuti opanga anaitanitsa kalekale njinga zonse za mtunduwo kuti akazikonze chifukwa cha kachitsulo kolakwika. Anakasintha.

Atailiza, kaphokoso kaja kanali katatheratu. Bambowo anamvetsera nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.

"Mwakonza bwino, amisiri," anatero. "Nanga Loweruka ndizibwera kudzatani?"