Tsiku Limene Galimoto ya Amuna Anga Inalira

Galimoto ija amuna anga anaigula tili ku South Bend, ku America, kwa mlimi wina amene anaiiwala m'shedi kwa zaka zambirimbiri. Inabwera atainyamula pa thirela, matayala onse ali ophwa, dzimbiri paliponse, m'mipando mbewa zitamangamo mudzi. Ine ndinali pakhomo, nditavala kale yunifomu, ndikupita kuntchito kuchipatala.

"Chiphakasa chimenechi mwachitola kuti?" ndinawafunsa.

"Si chiphakasa ichi, amayi. Iyi ndi mbiri."

"Mbiri ya ndani? Ya agogo anu?"

Anangoseka n'kumaisisita pa boneti. Inali ya zitseko ziwiri, boneti yake yaitali ngati bedi, injini ya masilinda eyiti. Ankati galimoto zotere zinkapangidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma sevente, ndipo masiku amenewo zikamadutsa mumsewu anthu ankasiya kudya kuti akazione. Pansi pa dzimbiri lija ankati pali utoto wofiirira ngati lalanje. Ine ndinasuzumira ndipo ndinangoona dzimbiri.

Iwo ankagwira ntchito mu labu ya pa yunivesite ina, ntchito yaukhondo, ya magolovesi. Koma akaweruka ankasintha n'kulowa m'galaja, kutulukamo manja ali bii. Matawulo anga abwino onse anathera kumeneko. Ndinakalipa mpaka pakamwa kuuma, kenako ndinangoyamba kubisa matawulowo m'sutikesi.

Loweruka la nyengo yotentha ankanditenga kupita pa malo oimika magalimoto a sitolo ina imene inatsekedwa kalekale. Kumeneko azibambo achikulire, ambiri azungu aimvi, ankandandalika magalimoto awo akale, maboneti ali yasa, iwo ali pa timipando topinda, nyimbo za unyamata wawo zikulira. Nkhani yawo inali imodzimodzi sabata iliyonse. Ankakamba za nthawi imene mafakitale a m'tauniyo ankafuka utsi, petulo anali wotchipa, munthu wosaphunzira ankatha kugula nyumba ndi galimoto yatsopano. Amuna anga nawonso ankapukusa mutu limodzi nawo n'kumati nthawi zabwino zinapita.

Pobwerera ndinkawafunsa. "Kodi inu zaka zimenezo munali kuti? Simunali ku Ntcheu inu, kabudula wobooka kumatako, mukukumba mbewa?"

"Munthu umatha kupukwa ndi kumene sunafikeko," ankatero.

"Pukwani bwino, koma matawulo anga muwasiye."

Zaka zinapita akumasula, kupala, kumanga. Utoto unabwerera, mipando inasokedwa. Injini anaiphwasula yonse n'kuyamba kuimanganso mothandizana ndi mkulu wina wa pagulu lija, amene paunyamata wake ankagwira ntchito kufakitale. Chigulireni, galimotoyo inali isanalirepo ngakhale kamodzi. Nyengo yozizira yomaliza ija, tikamadya, ankangoti, "Kukangofunda, ilira imeneyi."

Kusanafunde, m'mawa wina ndikuchokera kushifiti ndinapeza magetsi a m'galaja akuyaka. Amuna anga anali chigonere pansi pambali pa tayala lakutsogolo, kukamwa kutakhotera mbali imodzi, maso akundiyang'ana. Ndinaimba foni kuitana ambulansi. Ndinawagoneka cham'mbali, kuwamasula kolala, kuwagwira pamkono kumva kugunda kwa mtima, kuwauza kuti akweze manja onse awiri. Lakumanja silinakwere. Ndinachita zonse monga ndinaphunzirira, mwadongosolo lake. Sindinakuwe. Kuchipatala dokotala anandiyamikira kuti ndinachita bwino kwambiri, ine n'kuti zikomo.

Inali sitiroko. Inatenga dzanja ndi mwendo wakumanja, n'kutenganso mawu. Chingerezi chinapita chonse, munthu amene ankatsutsana ndi maprofesa. Chichewa nachonso chinapita. Kumva ankamva, maso ankasonyeza, koma pakamwa panatsala kachidutswa kamodzi kokha ka mawu. Ankalimbana, milomo ikunjenjemera, kenako n'kutulutsa kuti, "Lire." Chilembo choyambirira chinkakanirira kukhosi.

Amayi a kumpingo anabwera ndi mafulasiki ndi mapoto, anaimba, anapemphera. Akangolowa pakhomo n'kuwaona amuna anga ali pa wilutcheya ankayamba kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinkawathirira tiyi. Tsiku lina ndili m'khonde ndinamva wina kukhitchini akunong'ona kuti, "Koma mayi awa mtima wawo ndi wamwala. Ngakhale dontho limodzi." Ndinamva bwinobwino. Sizinandipweteke. Chimene ndinaganiza n'chakuti shuga watsala pang'ono kutha. Mkati mwanga munali zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Nyumba ya ku South Bend inali ya masitepe, choncho tinasamukira ku Indianapolis, ku Lawrence, m'kanyumba kopanda chipinda cham'mwamba. Ntchito ndinaipeza msanga. Mwana wathu wamkazi anali ku koleji, ankaimba foni madzulo n'kumalankhula ndi bambo ake Chingerezi chake chija, iwo akungopumira mu foni. Pafupi nafe, ku Beech Grove, kunali alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, ndipo iwowa ndi amene ankakhala nawo ine ndikapita kuntchito. Galimoto ija tinaikokanso pa thirela. Alamu ataiona ikulowa m'galaja anagwira pakamwa.

"Alamu, chimenechi mwabweranso nacho? Si chomwechi chinawagwetsa achimwene? Gulitsani."

"Sichinawagwetse. Anagwa ndi BP, imene ankakana kumwera mankhwala. Mukudziwa inunso."

Moyo wathu unali wa ndondomeko. Kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, phala, mankhwala, kuwongola dzanja, kupinda mwendo, kuyang'ana msana ngati pakuyamba zilonda. Zonsezi ndinkazichita bwino, palibe akanandiposa. Msana wawo sunatuluke chilonda ngakhale chimodzi. Ndikamawapukuta kumaso ankandiyang'anitsitsa n'kuti, "Lire." Ine ndinkati, "Eya, ndamva," n'kupitiriza kupukuta.

Tsiku lina ndinabwera kuchokera kuntchito n'kupeza alamu ali pa sofa maso ali psuu.

"Achimwene akutsanzika," anatero. "Tsiku lonse akungonena zomwezo. Akuti mulire. Akudziwa kuti akupita."

Pamenepo mkwiyo unabwera, ndipo ndinaulandira, chifukwa unali chinthu chokhacho chimene ndinkachimvabe. "Alamu, maliro amenewo mukakhuze kwanu ku Beech Grove. Munthu wamaliza mbale yonse ya phala m'mawa uno, inu mukumuika m'manda? Sakuti mulire. Akuti ilire. Akunena galimoto."

Nditangonena choncho ndinakhulupirira. Zinali zoonekeratu. Munthu anathera zaka zonsezo pa chitsulo chimenecho, n'kugwa kutatsala pang'ono kuti achimve chikulira. Ndinapita kukaima patsogolo pa amuna anga. "Mukufuna galimoto ilire, eti?" Anatseka maso n'kumenya dzanja lakumanzere pa wilutcheya. Ndinati basi, ayankha.

Ndinaimbira foni mkulu uja wa ku South Bend. Loweruka lotsatira anafika pa pikapu yake, ndi bokosi la masipanala. Analowa m'nyumba, chipewa m'manja, n'kuyamba kuwauza amuna anga za kabuleta ndi za anzawo a pa timipando paja, amene wadwala, amene wagulitsa yake. Amuna anga ankangomuyang'ana. Mkuluyo analankhula, n'kulankhula, kenako mawu anamuthera. Anatuluka kupita m'galaja ndipo ndinamumva akumina kwa nthawi yaitali.

Anabwera Maloweruka angapo nyengo yotentha imeneyo. Ine ndinali womugwirira tochi ndi womupatsira zida. Mayina a zitsulozo sindinkawadziwa, ndiye akandituma ku sitolo ya masipeyala ku Lafayette Road ndinkangonyamula chakalecho m'jumbo, kukachiika pa kauntala n'kuti ndikufuna chonga ichi. Anyamata a m'sitolomo anafika pondizolowera, akandiona ankayamba kuseka jumboyo isanatsegulidwe. Tinasintha batire, tinakhetsa petulo wakale amene anali atanunkha, tinamanga mapaipi, tinaika mapulagi. Zikhadabo zanga zinada, kuntchito ndinkavala magolovesi awiriawiri. Matawulo aja ndinawatulutsa m'sutikesi ndekha.

Musaganize kuti ndinayamba kuikonda. Sindinkamva chilichonse pa galimoto imeneyo. Ndinkaichita ngati mmene ndinkachitira mankhwala a m'mawa, chinthu chofunika kuchitika basi. Amuna anga anali ndi pempho limodzi pa dziko lonse lapansi, ndipo ine ndine munthu womaliza ntchito. Madzulo ndikamawagoneka ndinkawauza kuti, "Yatsala pang'ono." Iwo ankandigwira mkono mwamphamvu n'kuti, "Lire." Ndinkati, "Dekhani, ilira," n'kuzimitsa getsi.

Masamba atayamba kufiira, mkulu uja anapukuta manja masana ena n'kunena kuti yatheka. Anati kiyi ndipotokole ine, si iye. Ndinakawaveka amuna anga juzi, kuwafunditsa bulangete m'miyendo, n'kuwakankha mpaka pakhomo pa galaja. Chitseko chachikulu tinachitsegula kuti utsi uzituluka. Ndinawaimika poti azionera bwino boneti, n'kumanga mabuleki a wilutcheya.

Ndinalowa m'galimoto. M'katimo munkanunkha chikopa ndi oilo. Kilatchi yake inali yolimba ngati ukuponda mwala. Ndinapotokola kiyi, injini inatembenuka mwaulesi, n'kukhosomola, n'kusiya. Mkulu uja anathira tipetulo pang'ono mu kabuleta n'kundiuza kuti ndipope phazi. Ndinayesanso kangapo. Kenako inagwira.

Phokoso lake sindinalimvepo chibadwire. Galaja yonse inanjenjemera, masipanala pa shelefu akugundana, galu wa aneba akuuwa, utsi wabuluu uli tolotolo kumbuyo. Mkulu uja anavula chipewa n'kuchimenyetsa pa bondo, akuseka, misozi ikutsika m'makwinya. Ine ndinamva mpando ukunjenjemera pansi panga. China sindinamve. Ndinangoti ntchito iyi yatha.

Ndinatembenuka kuti ndione amuna anga. Sankayang'ana galimoto. Ankayang'ana ine, akupukusa mutu pang'onopang'ono, dzanja lakumanzere likundikodola.

Ndinazimitsa injini. Mkulu uja anatiyang'ana tonse awiri, n'kuvala chipewa chake, n'kupita kukaima kumsewu pafupi ndi pikapu yake. Ndinatuluka n'kukawerama patsogolo pa wilutcheya.

"Yalira. Simunaimve? Kapena ikulira molakwika?"

Anakweza chala n'kundigunda nacho pachifuwa, pamwamba pa thumba la ovolosi yawo imene ndinavala. Anagundanso. Nkhope yonse inalimbana, mitsempha ya m'khosi inatuluka, malovu akutsika mbali yakufa ija. Ndinafuna kuwapukuta koma anandikankha dzanja. Pa anthu ankanditchula kuti amayi, koma tikakhala awiri ndinali iwe, kuyambira tili pachibwenzi.

"U," anatero. Anapuma. "U... lire."

Ndinamva. Panalibenso china choti n'kumasulira. Miyezi yonseyi munthu ankasambitsidwa ndi nesi, kudyetsedwa ndi nesi, kugonekedwa ndi nesi, ndipo ankafunsa kumene kunapita mkazi wake. Ndinachita manyazi, koma ngakhale manyaziwo ndinawamva chapatali, ngati akuchitikira munthu wina.

Ndinagwada pa simenti n'kuika nkhope pa bulangete, pa ntchafu yawo. Ndinadikira. Ndinakumbukira m'mawa uja, magetsi akuyaka, iwo ali pansi. Ndinakumbukira mawu awo akundiseka. M'maso munali gwaa. Ndiye ndinachita zimene mkazi aliyense wa kwathu amadziwa, zimene timachita tikamayandikira nyumba ya maliro, kuyamba ndi mawu kuti misozi itsatire. Ndinatsegula pakamwa n'kutulutsa liwu lija. Linamveka bwino ndithu, la maliro enieni.

Anandigwira tsitsi n'kundidzutsa mutu. Anandiyang'ana m'maso, mouma muja, n'kupukusa mutu. Munthu amene wagona nawe chipinda chimodzi zaka zoposa makumi awiri sungamunamize ndi zimenezo.

"Sizikubwera, bambo a mwana," ndinawauza. "Ndikufuna, koma sizikubwera."

Anabwezera mutu wanga pa ntchafu pawo n'kusiya dzanja lawo pamenepo. Tinakhala choncho, iwo akudikira, ine ndikuyesa, injini ikuzizira kumbuyo kwanga. Dzuwa linachoka pakhomo pa galaja. Kenako nthawi ya mankhwala awo amadzulo inakwana, ndipo ndinachotsa dzanja lawo pamutu panga n'kudzuka kukawatengera.