Chikwangwani Chopanda Simenti

Pamsewu wathu panalibe amene ankakonda kucheza ndi a Chikayiko. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo owotcherera zitsulo, ndipo linawakhala. Ukawapatsa moni, ankayamba ayang'ana kaye m'manja mwako. Akagula simenti, ankapisa chala pakona pa thumba kuti aone ngati wogulitsayo sanasakanizemo phulusa. Ngakhale levulo yawo yomwe, yoyezera ngati chinthu chawongoka, sankaikhulupirira. Akayeza mbali iyi, ankaitembenuza n'kuyezanso, ati mwina kamadzi kali m'katimo kakunama.

Ntchito yawo inali yozika zikwangwani. Zolembazo ankalemba ndi ena, iwo kwawo kunali kukumba, kuimika ndi kuthira konkire. Chikwangwani chawo choyamba, cha sukulu ya mkaka, chinagwa ndi mphepo patangotha sabata n'kuphwanya njinga ya mwini sukulu. Kuyambira pamenepo anasiya kukhulupirira dothi, kenako anthu. Dzenje lawo linkafika m'khwapa. Kunsi kwa paipi ankawotchererako kachitsulo kopingasa kuti akuba zitsulo akagwedeza angotuluka thukuta pachabe. Akathira konkire ankachirikiza ndi matabwa masiku atatu, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera kudzaona ngati mwini wake sanachigwiregwire.

Ndisaname, ine munthuyu ankandinyansa. Tsiku lina anandipatsa thalauza kuti ndiwasokere, n'kukhala pambali pa makina mpaka ndinamaliza, kuopa kuti ndidulako nsalu.

Amuna anga atamwalira anandisiyira ana awiri ndi poloti yopanda nyumba kuseri kwa bwalo la mpira. Tinkakhala m'nyumba ya lendi, choncho polotiyo ndiyo inali tsogolo lathu lonse. Mapepala ake ndinapatsa alamu anga, akulu awo a malemuwo, kuti akasinthitse dzina. Nanga ndikanakayika bwanji munthu amene ankabwera Lamlungu lililonse ndi masiwiti a ana?

Lachitatu lina masana ndikusoka pakhonde, ndinangoona a Chikayiko aima pamaso panga, piki ili paphewa. Dothi linali litangowalekeza m'chigongono.

"Mwaswera bwanji, mayi? Poloti ija mukugulitsa?"

Mtima unandiwawa. Ndinati basi, mfiti iyi yanunkhiza kuti mayi wamasiye agulitsa motchipa.

"Wakutumani ndani, bambo?"

"Funso limenelo ndi limene landibweretsa," anatero, akutsitsa piki. "M'mawa uno kwabwera bambo wina wajekete. Wandipatsa chikwangwani cholembedwa kuti malo ogulitsa, ndikazike papoloti panu. Akuti ndisathire simenti, ndikumbe pang'ono chabe, Loweruka ndidzazule."

"Ndiye mwakumba?"

"Ndinayamba. Koma mayi, ntchito iyi ndakalamba nayo. Mwini malo amakangana nane kuti ndikumbe kwambiri. Amene amati kumbani pang'ono ndi amene akudziwa kuti adzazula mothamanga. Chinanso, mwini malo amaima pamalo pake, amaponda apa, amaloza apo. Uyu anaima kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo, maso ali uku ndi uku."

Sindinawakhulupirire. Ndinatseka makina n'kuwatsata, koma ndikuyenda kumbuyo kwawo, ndikuganiza kuti mwina agwirizana ndi wajeketeyo kuti andiopseze. Titafika ndinapeza kadzenje kosaya koti nkhuku n'kutulukamo, ndi chikwangwani chagona chafufumimba paudzu. Anachitembenuza ndi phazi. Pansi pa mawuwo panali nambala ya foni, ndipo manambala atatu omalizira ndinkawadziwa bwino.

"Mwina ndi nambala yofanana," ndinatero.

"Mwina. Tiyeni tiyeze kawiri."

Anaimba pafoni yawo, n'kukweza mawu kuti ndizimva. Anasintha kalankhulidwe, kukhala ngati munthu wonenepa.

"Bwana, ndaona chikwangwani kuno kubwalo la mpira. Malowa mwini wake ndani?"

"Ndine ndemwe, achimwene," anayankha alamu anga, mawu omwe aja ankatonthoza nawo ana anga. "Mapepala onse ndili nawo. Koma fulumirani, pofika Loweruka akhala atapita."

Ndinalanda foniyo.

"Alamu, ndine. Ndaima papoloti pa ang'ono anu."

Foni inaduka. Ndinakhala pansi paudzu pomwepo n'kulira, osati chifukwa cha poloti yokha ayi, koma masiwiti aja. A Chikayiko sananditonthoze. Anangotola piki n'kuyamba kukuza kadzenje kaja.

Mapepala anabwera Lachisanu ndi mlamu wanga wina wamkazi, amene anangowasiya pamakina osandiyang'ana kumaso. Dzina linali lisanasinthidwe, linali lidakali la malemu. Pofika nthawiyo chikwangwani chija chinali chitapakidwa penti ina n'kulembedwa kuti malo ano sakugulitsidwa. Dzenje linali litafika m'khwapa, kachitsulo kopingasa kali kunsi, mchenga ndi miyala zili pambali. Kunangotsala kuthira.

Ndinathamangira kupoloti, mtima uli mbee.

"Bambo, thirani simenti! Mapepala abwera."

Anandiyang'ana m'manja.

"Ndiwaone kaye, mayi. Nanga inuyo ndikudziwani bwanji?"

Ndinafuna kuwalalatira, koma m'malo mwake ndinaseka mpaka misozi. Anapukuta manja pathalauza lija ndinawasokera, n'kuwerenga mapepalawo mzere ndi mzere. Atamaliza anabwerera pamwamba n'kuwerenganso, kenako anang'amba thumba la simenti.

Chikwangwanicho chilipobe, ndipo kumbuyo kwake tsopano kuli zipinda ziwiri za malata. Alamu anayambiranso kubwera, ati magazi ndi magazi. Ndimawayalira mpando, tiyi ndimawapatsa. Koma akamandipatsa moni, ndimayamba ndayang'ana kaye m'manja mwawo.