Kalata Yopepesa ya a Dikishonale

Alamu anga, omwe anthu ankangowatcha a Dikishonale, anakhala zaka makumi awiri akulembera anthu makalata pakhonde la positi ofesi. Munthu akafuna kalata yofunsira ntchito, ankayamba amuphunzitsa kaye kusiyana kwa "job" ndi "work" mpaka miyendo kumuwawa. Kunyumba ankadzudzula ngakhale wowerenga nkhani pa wailesi, ngati akuwamva.

Tsiku lina anaseka mkazi wawo, yemwe ndi mkulu wanga, pamaso pa alendo chifukwa chosasiyanitsa "house" ndi "home". Mkulu wanga analongedza zovala zake n'kubwera kwathu.

Alamu anakhala pa makina awo otayipira kuti alembe kalata yopepesa. Mwezi unatha akusinkhasinkha ngati alembe "regret" kapena "apologise". Anandifotokozera, nkhope ili gwa, kuti loyambalo ndi kumva chisoni chabe, pomwe lachiwirilo ndi kuvomera kulakwa, ndipo iwo sankaona pomwe analakwa.

Papita zaka zisanu, kalatayo sinafikebe. Mkulu wanga anakwatiwa ndi wokonza njinga wosadziwa Chingerezi n'komwe, koma mwamunayo akangomuponda chala, amati "pepani" nthawi yomweyo.