Mmene Asikulu Anajambulira Apongozi Awo

Fungo la mpunga wokazinga likandipeza, kaya ndili kuti, mtima umabwerera kumudzi kwathu kufupi ndi Nyimba, m'dzinja, mvula ikudontha pa udzu wa denga, agogo anga aamuna atanyonyomala pakhomo pa khitchini akutembenuza mpunga paphale ndi kamtengo, maso atafiira ndi utsi wa nkhuni zonyowa. Kwathu agogo aamuna timati asikulu, aakazi timati ambuya. Mpungawo sunali wakudya. Ukauma n'kuzizira, asikulu ankauthira m'sokosi yakale, n'kuimanga kukamwa, n'kuiika m'chitini cha mabisiketi mmene munkagona galasi la kamera yawo, kuti chinyezi chisalowe n'kuchititsa chuku m'kati mwake.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene shuga, sopo ndi mafuta ophikira zinkasowa m'masitolo, ndipo ife mpunga tinkaulawa pa Khirisimasi pokha. Ambuya akaona phale lija pamoto ankayamba kutsuka mbale mwaphokoso, akudandaulira nkhuku kuti padziko pano pali anthu odyetsa galasi mpunga mwana akuyang'ana. Mwanayo ndinali ine, Esinati, ndipo kuyang'anako ndinkayang'anadi. Ambuya akatembenuka, asikulu ankanditsinira timbewu tingapo m'manja kuti ndikukute.

Asikulu anali a Daka. Anagwira ntchito yojambula anthu m'situdiyo ina ku migodi kwa zaka zambiri, ndipo atatopa ndi tauni anabwerera kudzakhala kumudzi kwa akazi awo, poti anali mkamwini. Ine ndinapita kukakhala nawo pamene amayi anga anapeza ntchito ku Petauke. Galasi lijali analipeza kwa mphunzitsi wina wakunja amene ankabwerera kwawo, ndipo anasinthanitsa ndi wailesi yawo yaikulu yoimba malekodi. Ambuya mlandu umenewo sanaukhululuke mpaka imfa. Ankati kale m'nyumba munkamveka nyimbo, koma tsopano muli chitini chimene munthu saloledwa ngakhale kuchiyetsemulira.

Koma galasilo linalidi lodabwitsa. Linali lakuda, lolemera, lozizira m'manja, lokhala ndi timanambala toyera kuzungulira. Asikulu ankalitchula kuti zumu. Akapotokola mphete yake ya labala, linkatuluka pang'onopang'ono ngati khosi la fulu, ndipo munthu amene anali patali ankasendera pafupi popanda kusuntha phazi. Paukwati ankaima malo amodzi pansi pa mtengo, n'kujambula khamu lonse pamodzi ndi ophika ndi agalu, kenaka n'kupotokola, nkhope ya mkwatibwi yokha n'kudzaza chithunzi. Ndi galasi lakale ankayenda chobwerera m'mbuyo kuti anthu akwane, ndipo tsiku lina anagwera m'dzenje la zinyalala pamaso pa akwati. Loweruka ankamangirira chikwama cha chikopa pamsana n'kupalasa njinga kupita ku Nyimba, kumene amayi ogulitsa nthochi pamsewu waukulu ankawaitana pofuna kujambulidwa kuti, "A Daka, tikopeniko!" Pa chikondwerero cha ufulu ankajambula ana a sukulu akuguba ndi amayi a chipani akuvina m'fumbi. Akabwera madzulo, asanamwe ngakhale madzi, ankayamba apukuta galasi ndi kansalu kofewa, atalipumira mpweya kuti haa.

Panali munthu mmodzi yekha m'dera lonselo amene asikulu sakanatha kuima patsogolo pake ndi kamera. Amenewa anali apongozi awo, amayi ake a ambuya, omwe tinkawatchula kuti a Kumtunda chifukwa nyumba yawo inali pamwamba pa bwalo lathu, pafupi ndi khola la mbuzi zawo. Anali okalamba kwambiri, aafupi, okonda fodya wa m'mphuno, ndipo pakamwa pawo panali pakuthwa ndithu.

Mwambo wathu unali wakuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayandikana, sadyera pamodzi, ndipo sayang'anana kumaso. Mabanja ena ankafewetsa zimenezi ana akabadwa, koma awiriwa anagwiritsitsa mpaka imvi. Akakumana panjira, asikulu, munthu wa zidzukulu, ankavula chipewa n'kulowa m'tchire, pamene a Kumtunda ankalowa m'tchire la mbali inayo, njira n'kutsala yopanda munthu. Akafuna kulankhulana ankafuna mwana woti aime pakati, ndipo mwana wapafupi ndinali ine.

"Esinati," asikulu ankatero atayang'ana kumbali, "uwauze amayi kuti mbuzi zawo zili m'dimba mwanga."

Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, a Kumtunda ankayankha ali pakhonde pawo, atayang'ana khoma. "Uwauze asikulu ako kuti mbuzi siziziwa malile. Amange mpanda."

Aliyense ankamva bwinobwino mawu a mnzake, komabe ndinkayenera kubwereza, ndipo ndikasintha liwu limodzi onse awiri ankandikonza. Poyamba ndinkayesa kuti amadana. Ndinazindikira mochedwa kuti denga la a Kumtunda silinkadontha chifukwa asikulu ankalifolera eni ake ali kumunda, ndiponso kuti phava la nthochi zakupsa limene tinkalipeza m'mawa pa njinga ya asikulu silinkagwa kumwamba.

Chaka china m'nyengo yozizira a Kumtunda anadwala chifuwa mpaka tinaitana abale. Anachira, koma anatsala owonda, ndipo ndodo imene kale ankangothamangitsira mbuzi anayamba kuitsamira. Apa m'pamene ambuya anayamba nkhondo. Anauza asikulu kuti ajambula maukwati a anthu osawadziwa, ajambula makanda, ajambula mpaka nkhumba ya a tcheyamani a chipani, koma nkhope ya mayi amene anawaberekera mkazi palibe paliponse. Anati amayi awo akapita, adzukulu adzawaonetsa chiyani? Polankhula zimenezi sankatsukanso mbale mwaphokoso. Anangokhala pamphasa manja ali pamiyendo, ndipo ine ndinachita mantha chifukwa ndinali ndisanawaonepo otero.

Sikuti anali asanayesepo. Kale, ndi galasi lakale, asikulu anajambula ataima kutali kumene mwambo unkawalola, ndipo a Kumtunda anatuluka ngati kanyemba pambali pa nkhokwe, osadziwika ngati ndi munthu kapena mtondo. Ulendo wina anapatsira ambuya kamera, atawaphunzitsa tsiku lathunthu. Chithunzi chitabwera, munali mapazi a a Kumtunda, ndodo, ndi mbuzi yathunthu yooneka bwino kwambiri. Kuyambira pamenepo kamera sinakhudzidwenso ndi dzanja lina.

Tsopano zumu inalipo, koma asikulu anafotokoza kuti silinali galasi ngati la azungu ojambula njovu ku Luangwa. Linali la maukwati ndi mabwalo, lokoka munthu wa tsidya la bwalo, osati wa tsidya la dambo. Kuti nkhope idzaze chithunzi anayenera kukafika pa nkhokwe ya a Kumtunda, pafupi kuposa pamene anaimapo chikwatirire. Ndipo kuti chithunzi chisachite mbuu, anayenera kuyang'anitsitsa m'maso mwa apongozi awo mpaka aoneke bwino. Filimu nayo inali itasowa ngati shuga. Imene inali m'kamera inali yomaliza, itatsala pang'ono kutha, ndipo panalibe wodziwa kuti ina idzapezeka liti.

Anandituma kumtunda ndi nkhaniyo. A Kumtunda anamvetsera akugogoda kabotolo kawo ka fodya pachikhatho, ananunkhiza, n'kuyetsemula.

"Uwauze kuti galasi si maso," anatero pomaliza. "Iwo ayang'ane m'chinthu chawo, ine nizayang'ana mbuzi zanga. Abwele mailo."

M'mawa mwake kunacha bwino, dzuwa lofewa, mpweya ukununkha utsi wa lupsa wochokera kumapiri, nkhunda zikulira m'mitengo ya mango. Ambuya anawasambitsa amayi awo, anawadzoza mafuta otsala a nsatsi, anawamanga duku latsopano, n'kuwakhazika pampando pakhonde atapenya cha kukhola. Kenaka anapita kukabisala m'khitchini, akuti mtima wawo sukanapirira kuonerera.

Asikulu anavala jekete. Pofika m'malire mwa bwalo la apongozi anavula chipewa n'kundipatsa kuti ndigwire, ndipo anayenda atawerama, maso ali pa nsapato zawo, mpaka anafika pa nkhokwe. Anagwada bondo limodzi, anakweza kamera n'kuphimba nayo nkhope, ndipo pokhapo m'pamene anadzutsa mutu. Ndinaona zala zawo zikupotokola mphete ija, galasi likutuluka mpaka pamapeto pake. Anatsamiritsa chigongono pa mwendo wa nkhokwe.

"Uwauze akwezeko chibwano pang'ono," ananong'ona.

Ndinabwereza, koma maso anga anali pa asikulu. Paukwati ankajambula msanga, munthu asanathe n'kukonza kolala. Apa anakhala nthawi yaitali diso lili pakamera, osapuma, chala chili pabatani. Ndinamva mbuzi ikudzikanda pa mtengo wa khola. Kenaka kamera inalira kuti khete, ndipo asikulu anatsitsa maso pansi asanatsitse kamera, nabwerera cham'mbuyo atawerama monga poyamba.

Masana ake ndinawapeza pakhonde akupukuta galasi limene linali loyera kale. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akundiona koyamba.

"Kansi maso aya a amako na iwe anachokela kumtunda," anatero. "Ine zaka zonsezi nenze kunyada kuti ni a kwathu." Anaseka pang'ono, kenaka anandiloza ndi kansalu kaja. "Usakawauze."

Filimu anaipereka kwa kondakitala wina wodziwana naye wa basi ya ku Lusaka kuti akaitsukitse, ndipo tinadikira milungu ingapo, ambuya akutumiza mafunso ku Nyimba ndi aliyense wopita kukagula mchere. Tsiku limene envelopu inafika, anapukuta manja kawiri pachitenje asanagwire chithunzicho. Nkhope ya a Kumtunda inadzaza pepala lonse. Mphini za m'masaya zinkawerengeka, makwinya onse analipo, ngakhale kafodya kotsalira pamphuno. Ambuya analira, ndipo ine ndinalira nawo osadziwa bwino chifukwa chake. Atapukuta misozi anayang'anitsitsanso, n'kukweza nsidze. Pachithunzipo amayi awo sankayang'ana kukhola ayi. Ankayang'ana molunjika m'galasi, maso ali gwa, pakamwa pakuoneka ngati pakubisa kuseka.

Ambuya atafunsa, asikulu anati iwo ankaona za kuwala, zina sakudziwa. A Kumtunda anati panali mbuzi imene inadutsa kuseri kwa nkhokwe. Nkhani inathera pomwepo, ngakhale tonse tinkadziwa kuti mbuzi zinali zisanatsegulidwe m'khola m'mawa umenewo.

Patapita masiku ndinali kuwathandiza a Kumtunda kusenda nyemba, chithunzi chawo chili chotsamira pakhoma pamene anachiika kuti azichiona. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundikokera pafupi.

"Asikulu ako anifolelela nyumba zaka zonsezi, koma niwaziwa chabe mapazi na chifuwa," anatero. "Nenze kufuna niwaoneko nisanafe. Manje nkhope anabisa kumbuyo kwa chinthu chawo chija." Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. "Koma kansi ali na dazi! Usakawauze."

A Kumtunda anakhalanso ndi moyo zaka ziwiri. Mpaka kumapeto, iwo ndi asikulu ankapatukirana panjira, ine ndili pakati kunyamula nkhani za mbuzi ndi mipanda. Mauthenga awo onse ndinkawafikitsa, ena ngakhale asanathe kuwanena, koma awiri aja ndinawasunga monga anandipempha, ndipo ndimakondwa kuti ndinatero.

Lero onse anapita. Galasi lili ndi ine m'chitini chomwe chija, ndipo ngakhale kulibe filimu yoti ndijambulire, mvula ikayamba ndimakazingabe kampunga, ana anga akundiseka monga ankachitira ambuya. Mkamwini wanga amadya nane patebulo limodzi n'kumandijambula ndi foni ndili ndi chakudya m'kamwa, ndipo ndimamukonda choncho, sindinganame kuti ndimalakalaka kulowa m'tchire. Chithunzi cha a Kumtunda chili pakhoma m'chipinda chochezera. Alendo akafunsa kuti gogoyu akuyang'ana chiyani chomwe chikumusangalatsa chonchi, kwa zaka zambiri ndinkayankha kuti mbuzi. Tsopano palibenso wochita manyazi, choncho ndimanena zoona. Akuyang'ana mkamwini wawo koyamba ndi komaliza, ndipo kuseri kwa galasi nayenso akuwayang'ana.